Thandizeni, banga lomwe mwana wanga anabadwa nalo layamba kutuluka magazi

Azimayi anzanga ndi azachipatala muli pagulu pano thandizeni chonde. Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 9, anabadwa ndi banga lakuda lalikulu kumsana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, lili ndi tiubweya komanso ali ndi timadontho tina kumiyendo. Kusikelo amangoti ndi chobadwa nacho bola akuyamwa ndipo sikelo ikukwera. Koma mwezi wathawu pakati pa bangalo patuluka kachotupa kolimba, ndikamubereka chitenje chikangokhudza kakumatuluka magazi ndipo sikakupola ayi. Apongozi akuti tipite kwa asing'anga akamutemere mphini koma ine mtima ukukana. Ndamva kuti mabanga otere amasanduka khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, zoona zimenezi kwa khanda? Tili ku Ntcheu, ndiyambire pati?

Ndemanga:

Mayi musalole lezala pamenepo chonde, ngakhale mankhwala azitsamba musapake. Apongozi auzeni mwaulemu kuti muyambe kaye mwamva za kuchipatala, kapena bambo a mwana ndiwo awalankhule.

Wanga naye ali nalo pantchafu ngati ka K10 kachitsulo, ali folomu 2 pano alibwinobwino. Musade nkhawa asisi.

Ndimagwira ntchito kuchipatala. Amene mwanena za kabanga kakang'ono mukunena zoona, timabanga totero sikawirikawiri kubweretsa vuto, koma la mayiwa ndi lina. Banga lalikulu chonchi, lomwe munthu akadzakula lidzapose masentimita 20, limakhala ndi chiopsezo chokulirapo cha melanoma ndipo imatha kuyamba mwana akadali wamng'ono. Ambiri mwa ana otere sadwala khansa, komanso zotupa zina pamabangawa sizikhala khansa, koma ndi maso palibe angakuuzeni, amayenera kudula kanyama pang'ono nkukapima ku labu. Pitani kuchipatala cha boma mawa lomwe, pemphani kalata yokutumizani kwa adokotala a khungu ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Muzijambula bangalo pafoni mutaika lula pambali kuti akaone mmene lasinthira. Akayamba kukomoka, kusanza pafupipafupi kapena mutu kukula modabwitsa thamangani osadikira tsiku, nthawi zina zimakhudzanso ubongo.

Zikomo kwambiri adokotala, mawa mmawa ndipita. Nanga pakadali pano pachilondapo ndiziphimba ndi chani poti usiku akumadzikhula pamphasa?