Za funso langa lija la salsa, pano zili chonchi

Anzanga paja ndinafunsa ngati munthu angapite patsogolo pa salsa pongovina ku ma social (mausiku omwe anthu amangokumana nkumavina momasuka) osalowa kalasi. Ena munati kalasi ndiye zonse, ena munati ingovinani basi thupi lizolowera lokha. Nde pano ndikuchita zonse ziwiri ndipo ndaona kuti chilichonse chili ndi ntchito yake.

Kalasi imakonza zomwe pagulu sungazione wekha, mapazi pa ma beat a nyimbo 1,2,3 kenako 5,6,7, kudikira pa 4 ndi 8, komanso kusiyana kwa On1 (umasintha kolowera pa 1) ndi On2 ya ku New York ija (umasintha pa 2). Koma kutsogolera munthu woti sunavinepo naye izo umaphunzira ku social basi, chifukwa mnzako wa mkalasi amadziwiratu chomwe chikubwera nde amangotembenuka yekha iwe nkumadziona ngati katswiri, kumene ukapita pagulu manja omwewo palibe akuwamva.

Za timu ya performance (yovina pa siteji anthu akuonera) ndakana kaye. Ma rehearsal amadya mausiku onse ovina, miyezi kumangoloweza choreography imodzi, ine ayi. Bachata, gule wina wovina awiriawiri, ndimangovina ikalira, kalasi yake idikire kaye mpaka timing ya salsa ikhazikike.