Kodi kutentha kungalekanitse ma isotope m'zinthu zamadzimadzi?

Mphunzitsi, Chitakale: Anzanga, ana anga a Fomu 4 andifunsa ngati kutentha kokha kungalekanitse ma isotope, maatomu a mtundu umodzi koma osiyana kulemera. Ndikufunitsitsa kuwayankha zoona Lolemba.

Wa ku Luchenza: Zimatheka aphunzitsi. Mumalowetsa paipi m'kati mwa inzake, mpata wapakati uchepetsetse, n'kuthira zamadzimadzizo mumpatamo. Yam'kati muitenthetse ndi nthunzi, yakunja muiziziritse ndi madzi. Isotope yopepuka imasunthira kotentha n'kukwera, yolemera imatsikira pansi.

Wa ku Thyolo Boma: Mu 1944 ku Oak Ridge, ku America, anachita zimenezi ndi uranium hexafluoride (uranium yophatikiza ndi fluorine) yamadzimadzi, njira ya wasayansi Philip Abelson. Mapaipi 2,142 aataliatali, koma U-235, isotope yopepuka ya uranium, inangochoka pa 0.7 kufika pafupifupi 0.9 peresenti. Nthunzi inkawonongeka yambiri zedi, anatseka mu 1945.

Mphunzitsi, Chitakale: Zikomo akuluakulu. Mapaipiwo ndiwajambulira pabolodi.