Ndege ikukaima ku Madrid tsiku lonse, ndituluke kapena ndingokhala pa eyapoti?

NaphiriWaChinamwali:
Abale ndigawireni nzeru. Mwezi wamawa ndikupita ku msonkhano ku Lisbon koma ndege ikukanditula ku Madrid m'mawa, yinayo ndi yamadzulo, viza ya Schengen ndili nayo kale. Mwana wanga amaphunzira zojambula pa Chanco ndiye wandikakamira kuti ndikaone chithunzi cha Guernica ku nyumba yoonetserako zojambula ya Reina Sofía, akuti ndisabwere osachiona. Nthawi ingakwane koma? Mantha anga ndi kusiyidwa ndi ndege.

Achimwene_Matawale:
Mayi tulukani ndithu. Pansi pa Terminal 4 pali sitima ya Cercanías, mphindi ngati 30 mwafika pa siteshoni ya Atocha, kuchokera apo ndi wapansi basi. Tsiku lokha muonetsetse, Lachiwiri amatseka.

AuntieKuMpondabwino:
Mwanayo wanena zoona. Pa foni chimaoneka ngati zongokhwatchakhwatcha koma mukakaima patsogolo pake thupi limachita tsembwe, chadzaza khoma lonse, m'litali mamita oposa 7, mtundu wake wakuda, woyera ndi wotuwa basi. Picasso anachijambula mu 1937 ndege za Germany ndi Italy zitaphulitsa tauni ya Guernica ku Spain komweko pa 26 Epulo, tsiku la msika, tangoganizani anthu ali piringupiringu ngati pa Songani kenako mabomba. Muyambe kuyang'ana kumanzere, pali mayi wanyamula mwana wakufa, mutu wapendekera kumwamba kukamwa yasa, ine pamenepo misozi inalengeza. Pakati pali hatchi yolasidwa, lilime lake losongoka. Mwini wake anakana kuti chipite ku Spain dziko lisanamasuke mu ulamuliro wa Franco, ndiye chinakhala ku New York mpaka 1981. Musathamangire kujambula ndi foni, khalani kaye muchione.

Achimwene_Matawale:
Eya, komanso zojambula za Dalí ndi Miró zili momwemo koma musati muone zonse, nyumbayo kale inali chipatala, zipinda zake n'zambiri miyendo imachita kuwawa. Tiketi gulirani pa intaneti musakachedwe pa mzere. Zolowa ulere zimayamba 7 koloko madzulo, kwa inu zimenezo ayi. Chikwama chikhale kutsogolo kwanu mu sitima, opisa m'matumba aliko, ndipo kutatsala maola 3 kuti ndege inyamuke muziyamba kubwerera.

NaphiriWaChinamwali:
Zikomo kwambiri nonse, ndayang'ana tiketi ndikafika Lachinayi ndiye zatheka. Nanga kachikwama ka m'manja amalola kulowa nako kapena pali posungitsa?