Tebaini ya kumtunda kwa Golomoti: madzulo mdima, m'bandakucha mababu kupsa

Wamawaya Golomoti: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Komiti ya mudzi wina kumtunda kwa Golomoti kuno yandiitanira tebaini yawo ya Pelton, gudumu lokhala ndi makapu limene madzi a m'paipi amalizunguza kuti jenereta ipange magetsi. Anaika ndi munthu wina chaka chatha, pano foni yake sikupezeka. Ikudyetsa nyumba 26, kagolosale ndi pometera. Madzulo magetsi akutsika mpaka 140 volts, mababu kungofiira basi. Chodabwitsa n'chakuti cha m'ma 4 koloko m'bandakucha mababu ndi machaja akupsa. Jenereta ndayeza, ili bwino. A komiti akuti tigule yaikulu, mwina n'kuyendetsanso chigayo.

Pulambala Lizulu: Achimwene jenereta isiyeni kaye. Pali geji pa paipi pafupi ndi tebaini? Tsekani valavu muwerenge, kenako mutsegule muwerengenso.

Wamawaya Golomoti: Ilipo. Ndikatseka n'kudikira pang'ono ikufika 4 bar. Ndikatsegula ikutsika pang'onopang'ono mpaka 1.7. Manozo, timabowo toponyera madzi pa gudumu, ndi awiri a 19 mm, imodzi anaitseka kale okha mu Ogasiti.

Pulambala Lizulu: Ndiyetu nkhani ili pamenepo. 4 bar ndiye kuti madzi akugwa mamita pafupifupi 40, poti mamita 10 aliwonse amapereka bar imodzi. Ikanakhala kuti paipi yatsekeka ndi mchenga, singano ikanagwa nthawi yomweyo mukangotsegula. Kutsika pang'onopang'onoko ndi paipi ikukhuthuka: nozo ikumwa madzi ambiri kuposa amene akulowa kumtunda. Kakwereni kuthanki mukaone, mupeza kukamwa kwa paipi kuli pamtunda, ikumeza mpweya.

Madala Opuma Ntcheu: A Pulambala alasa. Mwana wanga, tenga ndowa ya malita 20, ukatchinge madzi onse polowera ndi lata kuti agwere m'ndowamo, uwerenge masekondi pa foni. Uyeze madzulo nthawi imene magetsi akuvuta, osati m'mawa.

Wamawaya Golomoti: Ndabwerako madala. Ndowa ikudzadza m'masekondi 4. Ndipo zoona, thanki ili pansi, paipi ikulira ngati munthu akumalizitsa thobwa ndi udzu.

Madala Opuma Ntcheu: Malita 5 pa sekondi. Masamu ake ndi awa, uwasunge: mamita kuchulukitsa ndi malita pa sekondi kuchulukitsa ndi 5, upeza ma watt amene makina ang'onoang'ono otere angakupatse. Tikuti 5 chifukwa pafupifupi theka la mphamvu limathera m'paipi, m'tebaini ndi m'jenereta. Paipi itadzadza, 40 × 5 × 5 ndi 1,000 watts. Koma iwe uli pa mamita 17 okha, ndiye 17 × 5 × 5 ndi 425 watts, ndipo madziwo akumenya makapu mofooka moti gudumu silikufika liwiro lake. Madzi ndi omwewo, koma ukutaya mphamvu yoposa theka chifukwa cha bowo lalikulu. Nozo ya 19 mm pa mamita 40 imafuna malita 7 ndi theka. Ziwiri ndiye 15. Anzathu aja anayeza mtsinje m'dzinja kapena mu Epulo, madzi akadali ambiri, n'kuiwala Okutobala. Kasulitse nozo ya 14 mm kwa wa lathe, imwa malita 4 basi. Paipi ikhala yodzadza, upeza pafupifupi 800 watts osagwedezeka, ndipo lita imodzi itsala mumtsinje kwa otunga ndi ng'ombe.

Wowotcherera Mua: Nozo ndingasule ine mukatumiza yakaleyo ndione ulusi wake. Ya brass ndiye yabwino. Koma kupsa kwa mababu kukubwera bwanji madzi ali ochepa chonchi?

Mayi wa Sola Dedza: Funso langanso ndi lomwelo. A Golomoti, kumtunda kwa polowera kuli madimba?

Wamawaya Golomoti: Alipo ambiri asisi. Tomato, kabichi, ena kachewere. Akupatutsa ndi ngalande.

Mayi wa Sola Dedza: Basi zamveka. Masana mpaka madzulo madzi ali kumadimba, inu mukulandira zotsala. Usiku atseka ngalande, mtsinje wonse ukubwera kwa inu, paipi ikudzadza, nozo ya 19 ikuponya malita ake onse. Pa masamu a madala ndi pafupifupi 1,500 watts, nthawi imene mudzi wonse uli m'tulo ndipo zoyaka ndi mababu a pakhonde ndi mafoni ali pa chaja. Mphamvu ikasowa kolowera gudumu limathamanga, ma volts ndi ma hertz n'kukwera limodzi. Pelton ikasiyidwa yopanda katundu imatha kufika pafupifupi kawiri liwiro lake. Ntchito yogwira zimenezo ndi ya kontirola, imataya mphamvu yotsala mu element yotenthetsa madzi. Tayezani element imeneyo.

Wamawaya Golomoti: Ndayeza ndi mulitimita, palibe chikuwerenga. Yaduka mkati. Inali m'kamgolo kouma gwa.

Mayi wa Sola Dedza: Inapsa chifukwa chouma. Ya 2 kW pa 230 volts iyenera kuwerenga ma ohm pafupifupi 26. Muike ziwiri za giza, chifukwa m'dzinja manozo onse awiri akatsegulidwa mufika 3 kW ndipo imodzi singakwanitse. Mgolowo muulumikize ku madzi otuluka m'tebaini kuti uzikhala wodzadza nthawi zonse. Musanayatse onaninso triac, kachipangizo ka mu kontirola kotumiza mphamvu ku element, nthawi zina imapita limodzi ndi element. Ndipo mpaka zimenezi zitakonzedwa, wina azitseka valavu pogona. Azitseka pang'onopang'ono, akamenyetsa paipi ya PVC ing'ambika.

Wowotcherera Mua: Nanga chigayo chija? Kkkk

Madala Opuma Ntcheu: Auze mosabisa. Mota ya chigayo chaching'ono ndi 7.5 kW, ndipo poyamba imakoka kasanu kapena kuposa. Jenereta yaikulu siwonjezera madzi mumtsinje. Anthu amamva za ku Bondo ku Mulanje, kumene a MEGA akugawa magetsi ochokera mu Lichenya, n'kuganiza kuti phiri lililonse n'chimodzimodzi. Lichenya amachokera pamwamba pa Mulanje, kumene mvula ndi yochuluka ndipo chiperoni chimanyowetsa ngakhale mu Julayi. Ife kuno kutsetsereka tili nako kokwanira, kuchokera ku Dedza kutsikira ku Mtakataka ndi Golomoti, koma timitsinje tathu timachepa kwambiri m'chilimwe, makamaka kumene mitengo inatha ndi makala. Damu la Mpira kwathu kuno linauma mu 2018, anthu mpaka ku Balaka n'kusowa madzi. Likauma damu, kamtsinje kanuko n'chiyani?

Pulambala Lizulu: Komabe madala musawafooketse. 800 watts usana ndi usiku ndi mayunitsi 19 pa tsiku, opanda batire. Pa sola mungafune mapanelo angati ndi mabatire a ndalama zingati kuti mupeze zimenezo?

Mayi wa Sola Dedza: Apo sinditsutsa ngakhale sola ndi imene imandidyetsa. Ine ndimati ziwirizi zikwatirane. Okutobala madzi achepa koma dzuwa likuswa mtengo. Febuluwale mitambo tsiku lonse koma mtsinje wadzadza. Dziko lonse linaphunzira zimenezi mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anaononga Kapichira, ma megawatt pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, poti Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire m'modzi. Pa Golomoti pomwepo pali sola ya 20 MW yokhala ndi mabatire, ndipo ku Mthembanji mudzi ukuyendera sola yawoyawo. Ndalama imene komiti imafuna kugulira jenereta igule mapanelo, wometa ndi wagolosale achoke pa tebaini masana.

Madala Opuma Ntcheu: China chimene amisiri timachithawa: mapepala. Kupatutsa mtsinje n'kupangira magetsi kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, ndipo ngati anthu akulipira pamwezi, komiti ikaonekere ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi. Za madimbazo usakalankhule wekha. Tomato ameneyo ndiye fizi ya ana awo, ukangoti atseke ngalande upeza paipi yadulidwa ndi chikwanje. Pita kwa agulupu, akhale pansi onse.

Wamawaya Golomoti: Ndabweranso akuluakulu. Nozo ya a Mua ndaika Lachiwiri. Geji yaima pa 3.8 bar, thanki ikusefukira pang'ono, madzulo 222 volts. Ma element awiri ali m'madzi, triac inali yamoyo, usiku sizinadutse 235. Kwa agulupu agwirizana kuti ngalande zizitsekedwa 5 koloko madzulo, ndipo a madimba atatu apempha kuti awakokere waya. Za chigayo apampando sanasangalale koma amva.

Pulambala Lizulu: Atatuwo musawalumikize musanawerenge katundu yense, 800 watts siyambiri. Ndipo mvula yoyamba isanagwe kumbani kadziwe kokhazika mchenga thanki isanafike, muike ndi sefa ya zitsulo yotchinga zinyalala. Madzi oyamba a Novembala amatsika ndi dothi lonse la m'madimba.

Wowotcherera Mua: Nozo za 19 zija musataye, muzikulunge m'pepala la pulasitiki muzipachike m'kanyumba ka tebaini momwemo. Thanki ikayamba kusefukira kwambiri mu Disembala mubwezeretse imodzi kaye, yachiwiri pokhapokha geji ikakhalabe pamwamba pa 3.5.