Kacholembera kakungonjenjemera ndikagunda model ya 3D, ndithandizeni

Abale anzanga ndithandizeniko nzeru. Ndinapatsidwa Phantom Omni yakale, kamakina kaja kokhala ndi kacholembera koti ukakankha pa model ya 3D umamva m'dzanja ngati wagunda chinthu chenicheni. Ndikugwiritsa CHAI3D (pulogalamu yoyendetsera kamakinaka), ndalowetsamo dzino lomwe ndinaumba mu Blender (pulogalamu youmbira ma model a 3D). Pa bokosi wamba zikuyenda bwinobwino, makona omwe ukuwamva, koma ndikangofika m'timizere ta pamwamba pa dzinolo kakuyamba kunjenjemera mpaka dzanja kuchita dzanzi, nthawi zina kungobowola n'kutulukira kuseri. Ndikudziwa kuti haptics (luso lomvetsa kukhudza m'dzanjali) imafuna kuwerengera mphamvu ka 1000 pa sekondi, nde vuto ndi kalaputopu kanga kotopaka kapena ma polygon (tizidutswa topanga model) achuluka? Ndiyambe ndi decimate (kuchepetsa ma polygon) kapena nditsitse kaye stiffness (kulimba kwa model ukaikankha)? Amene munakagwirapo ndiuzeniko chonde.