Kuyeza mahomoni kunyumba: ndigule timapepala ta ku famase kapena kabokosi kotumiza magazi?

Amake Taonga, Kapata:
Amayi anzanga, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi zaka 33, mwana mmodzi wa zaka zisanu. Jakisoni wolera wa Depo ndinasiya chaka chatha mvula ikutha, koma kumwezi sikukulongosoka: mwezi uno ndasamba, wotsatira zii, kenako timadontho chabe. Apongozi akabwera kuchokera ku Chadiza, moni asanathe maso ali kale pamimba panga. Ku famase ndinaona timapepala toviika mumkodzo todziwira masiku otenga pakati. Msuweni wanga wa ku Johannesburg naye akuti angandibweretsere kabokosi kodzibaya chala, magaziwo n'kuwatumiza ku labu. Nditenge ziti? Kuchipatala ndikuzengereza, pamzerepo sipalephera munthu wa kutchalitchi kwathu.

Agogo Mzamba, Katete:
Mwana wanga, ziwirizo sizigwira ntchito imodzi. Timapepalato timaona homoni imodzi yokha, LH, imene imakwera maola 24 mpaka 36 dzira lisanatuluke. Kabokosiko kamayeza mahomoni ambiri, FSH, estradiol, progesterone, prolactin (ya mkaka wa m'mabere), TSH (ya chithokomiro cha pakhosi), nthawi zina AMH, koma ena mwa iwo ali ndi tsiku lake. FSH ndi estradiol timatenga tsiku lachiwiri kapena lachitatu kuwerengera pomwe wayamba kusamba. Progesterone imafuna kutatsala masiku 7 kuti usambenso, ndiye kuti tsiku la 21 kwa amene amasamba masiku 28 alionse. Iweyo mmene wafotokozeramu, tsiku la 21 lako ulipeza kuti? Upereka ndalama zambiri, ubwezeredwa manambala opanda womasulira. Komanso magazi amenewo amayenera kufika ku labu msanga. Achoke ku Chipata, atenthedwe m'basi mpaka Lusaka, adikire ndege... ine ayi.

Za Depo usade nazo nkhawa kwambiri. Amachedwa kuchoka m'thupi, ena amatha chaka chathunthu kusamba kusanabwerere m'malo mwake. Yamba ndi kapepala koyezera mimba, kotchipa kaja, chifukwa ndalandirapo amayi ambiri odandaula kuti mwezi wasowa pomwe mwana akusewera kale m'mimba. Ukapeza mulibe, gula ta LH.

Koma ngati mabere akutuluka mkaka usakuyamwitsa, khosi latupa, mtima ukuthamanga uku ukuonda, kapena kuchibwano kwamera tsitsi ndi ziphuphu zosatha, siya zonsezi ukaonane ndi dokotala. Ndipo palibe kabokosi kangakuuze ngati machubu odutsamo dzira atsekeka.

Naphiri wa ku Mchini:
Asisi, ine ta LH ndimagwiritsa ntchito. Musaviike mumkodzo woyamba wa m'mawa ngati mmene timachitira poyeza mimba. Yezani masana, ndipo muchepetse madzi ndi tiyi kwa maola awiri musanayeze. Kamzere kachiwiri kakangooneka mbuu si kanthu, kayenera kuda kufanana ndi kanzake kapena kuposa. Pogula onani deti, onaninso kuti kalikonse kali m'kapaketi kake komata. Samafuna kutentha kopitirira madigiri 30, ndiye mu Okutobala musasiye pawindo kapena pamwamba pa wadiropu pafupi ndi malata. Ine ndimaika pansi pa sutikesi, pakati pa zitenje. Gulani m'famase yokhala ndi chiphaso cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati kwa ogulitsa pa WhatsApp.

Mng'ono wanga timapepalati tinkamuonetsa mizere iwiri pafupifupi mwezi wonse. Atapita kukaunikidwa anamupeza ndi PCOS, nthenda yosokoneza mahomoni a amayi, imene ena imawakwezera LH nthawi zonse.

Nabanda, Kalongwezi:
Nanga a bambo a Taonga ayezedwa liti? Umuna nawonso amayeza, ndipo sizitenga nthawi. Kuti anabereka zaka zisanu zapitazo si umboni wa lero. Apongoziwo ayang'anekonso mwana wawo.

Amake Taonga, Kapata:
Anabanda mwandiseketsa, koma nkhani imeneyo ndiyamba bwanji? Agogo, ziphuphu ndilibe, khosi lili bwino. Koma bere lakumanzere ndikafinya limatuluka timadzi toyera. Ndimati n'zotsalira za Taonga.

Agogo Mzamba, Katete:
Taonga wa zaka zisanu? Iyayi mwana wanga. Prolactin ikakwera imaletsa dzira kutuluka, ndipo mankhwala ake alipo. Pita ku Chipata Central Hospital, kapena ubwere kuno ku St Francis ngati ukuopa maso a kutchalitchi, ukawauze zimene wandiuzazi, akaone berelo ndi kukuyeza prolactin ndi TSH. Uleke kufinya kuyambira lero, kufinyako kumakwezanso homoniyo. Tenga khadi lako la kulera, adzafuna tsiku la jakisoni womaliza.