Sayiti ya kasitomala ikulemba 508, ndisamukire pa VPS?

wa pa Nchalo:
Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Ndi sayiti yanga yoyamba kupangira munthu wondilipira, ya kaloji kena kufupi ndi Lengwe, alendo ake ambiri ndi odzaona nyama ndi obwera pa ntchito ku minda ya nzimbe. Ndinagula shared hosting yotchipa ija nkuika WordPress kudzera pa Softaculous mu cPanel (poyendetsera akaunti ya hosting paja), masabata awiri oyamba zonse zinali bho. Kuyambira Lachiwiri ukatsegula pena ikutseguka pena tsamba loyera chabe lolembedwa 508 Resource Limit Is Reached. Bambo a loji andiimbira kanayi lero, akuti mlendo wina amafuna aone zipinda wakumana ndi zimenezo nde akufunsa ngati ndalama yawo yalowa mmadzi. Kwa eni seva ndalemba, angoyankha kuti kwezani pulani kapena tengani VPS, ndiye kuti gawo la seva lokhala langa ndekha. Ya chaka chonse ndinalipira kale ndipo madola ake ndinachita kuvutika nawo mukudziwa mmene zilili. Nditani?

mnyamata wa pa Dyeratu:
Aise shared ndi choncho, mumakhala anthu ambiri pa seva imodzi. Ingotengani VPS muiwale

mkulu wa kompyuta ku Ngabu:
Ayi achimwene musamuthamangitsire kumeneko mwanayu. VPS yotchipa imabwera yopanda kanthu, alonda ndiwe, okonza ndiwe, kuika PHP (imene imayendetsa WordPress) ndi database ndiwe, cPanel nayo ndi yolipira payokha. Munthu woyamba kumene mukampatsa zimenezo sabata siitha akuba alowamo. Komanso sayiti ya loji ya masamba asanu kapena asanu ndi limodzi shared imaikwanitsa bwinobwino, ine ndili nazo za mipingo ndi masukulu zakhala zaka pa shared.

Wa pa Nchalo mvetsa kaye chimene 508 ikunena. Shared ili ngati nyumba za mdadada za lendi, aliyense ndi chitseko chake koma mpopi ndi umodzi, nde lanilodi amaika lamulo kuti banja limodzi lisandandike zigubu zopitirira zakuti pa nthawi imodzi. Pa seva malirewo amawatcha entry processes kapena EP mwachidule, kuchuluka kwa ma PHP amene akuthamanga nthawi imodzi pa akaunti yako, maseva ambiri amaika 20. Sikuti anthu 20 okha ndi amene angaone sayiti ayi, tsamba likamatuluka msanga malo amapezeka pompopompo. Koma tsamba lililonse likamatenga masekondi ambiri kuphika zigubu zimadzadza pa mpopi, wobwera pambuyo ndi amene amapatsidwa 508. Lowa mu cPanel, pita pa Metrics kenako Resource Usage utiuze chimene chikugunda denga. Utiuzenso mapulagini waika angati, ndi theme yopereka maonekedwe a sayitiyo unaitenga kuti.

wa pa Nchalo:
Akulu ndaona, EP ndi imene ikufika pamapeto, CPU nayo ikukwera makamaka usiku cha mma 1 mpaka 4 koloko. Mapulagini alipo 19. Theme anandipatsa mnzanga pa flash, ndi yogulitsa ija koma iye anaipeza yaulere

mayi wa ku Bangula:
Mchimwene wanga 1 koloko usiku ndani akufuna chipinda ku Lengwe? Amenewo si alendo. Pa Metrics pomwepo tsegula Visitors uone ma adilesi akubwerezabwereza, ndikhulupirira upeza wp-login.php ndi xmlrpc.php, makomo olowera mu WordPress. Ndi maroboti oyesa mapasiwedi, sasankha kuti sayiti ndi yaikulu kapena yaing'ono, akangodziwa kuti pali WordPress amagogoda usiku onse ndipo kugogoda kulikonse kumadzutsa PHP.

Koma chimene chandiwawa kwambiri ndi theme ya pa flash iyo. Chonde ichotse lero lomwe. Ine zinandionekera ndi sayiti ya gulu la amayi ogulitsa mpunga, ndinaika theme yoteroyo poti ndalama inali yochepa, patatha miyezi iwiri Google ikuonetsa dzina la gulu lathu ndi mawu otsatsa mankhwala achilendo pansi pake, makalata athu onse akugwera mu spam. Ndinakhala masiku atatu mu shopu kutentha kwa October kuja fani osazungulira magetsi atazima, laputopu pa batire ya sola, kufufuza fayilo imodziimodzi mu public_html. Manyazi amene ndinaona pamaso pa amayi aja sindifuna wina awaone. Ma theme aulere ovomerezeka alipo ambiri mkati mwa WordPress momwemo, Astra kapena GeneratePress akukwanira loji.

wa pa Nchalo:
Achemwali mwalasa. xmlrpc.php yadzadza tsamba lonse, ma IP achilendo okhaokha. Nditseke bwanji osaononga zina?

mkulu wa ku Ngabu:
Usanakhudze kalikonse tenga backup, pa cPanel pali Backup Wizard, udaunilodi mafayilo ndi database uike pa laputopu ndi pa Google Drive. Osadalira kuti eni seva akusungira. Ife a kuchigwa kuno Freddy wa 2023 anatiphunzitsa kuti chinthu chosungidwa malo amodzi madzi akabwera chapita.

Ukatero xmlrpc itseke mu .htaccess, fayilo ya malamulo a seva, imeneyo imabisika nde mu File Manager pita pa Settings uchonge Show Hidden Files. Ngati sugwiritsa Jetpack kapena app ya WordPress ya pafoni palibe chimene utaye. Ika kapulagini kochepetsa kuyesa pasiwedi, ndipo ngati dzina lolowera ndi admin lisinthe. Kenako cache, apa ndi pamene pagona nkhani, cache imasunga tsamba lophikaphika kuti aliyense wobwera asamadzutse PHP ndi database. Seva yako ikakhala ya LiteSpeed ika LiteSpeed Cache, ikakhala ina WP Super Cache imagwira. Imodzi yokha, osaika ziwiri zimamenyana. Pa 19 paja chotsa zonse zimene sungathe kufotokoza ntchito yake, kuzimitsa kokha sikukwana uzifufute.

mnyamata wa pa Dyeratu:
Chabwino ndavomera akulu. Koma aonenso zithunzi, ndatsegula sayitiyo pa foni pano bandulo yanga yalira, chithunzi chimodzi cha bedi 6MB chochokera mu kamera osachepetsa. Izo sizibweretsa 508 koma mlendo ali pa netiweki ya ku Thabwa sangadikire. Azichepetse zifike 200KB kapena kuchepera, WebP ndi yabwino

mayi wa ku Bangula:
Eya, ndipo slider ya pamwamba ija ichoke, chithunzi chimodzi chabwino ndi nambala ya WhatsApp yooneka basi. Cloudflare yaulere imathandizanso kusefa maroboti koma imafuna usinthe ma nameserver (amene amalozera dzina la sayiti ku seva), zimenezo zimatha kutenga mpaka maola 48 kuti zifalikire nde usazipange lero pamene bambo a loji mtima uli mmwamba, dikira sabata ya mawa uwauze kaye.

wa pa Nchalo:
Ndabweranso akuluakulu. Dzulo ndagona mochedwa, backup ndatenga, theme ija ndachotsa ndaika Astra ndipo mkati mwake ndinapezadi fayilo ina ya zilembo zosawerengeka nde mapasiwedi onse ndasintha, wa cPanel ndi wa database omwe. Mapulagini atsala 6. Usiku wonse EP sinadutse 3, mmawa uno ndatsegula pa foni yakale ija ya mlamu wanga yatseguka osachedwa. Bambo a loji ndawaonetsa, akuti ndiwonjezere tsamba la mitengo ya zipinda. Takhuta kwambiri. Chatsala ndi zithunzi zili 40 ndiyamba madzulo magetsi akayaka

mkulu wa ku Ngabu:
Wachita bwino. Poti munapezeka fayilo yachilendo pita pa Users mu WordPress uone ngati palibe admin wina amene sunamulenge iwe, uonenso mu wp-content/uploads, mmenemo simuyenera kukhala fayilo ya .php. Ukapeza kanthu tijambulire tione limodzi.